Kontena Yotseka ku Cassacatiza: Phunziro la Cholozera cha void m'Chiyankhulo cha C

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Omvera athu kuno ku Cassacatiza, ku Chifunde konse, komanso inu a kutsidya ku Chanida mpaka ku Katete ngati mphepo yakufikitsirani mawu athu, yakwananso nthawi ya maphunziro a kompyuta. Sabata yatha tinalekezera pa cholozera, chija m'mabuku amachitcha pointer. Lero aphunzitsi akuti abwera ndi cholozera chachilendo, choloza chinthu chimene icho chomwe sichikuchidziwa. Takulandirani aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Zikomo mayi. Ndiyambe ndi kukufunsani ine. Mmawa uno mwadutsa cha kuchipata cha malire?

WOULUTSA: Ndadutsako. Mathiraki anali ndanda kudikira zikalata.

MPHUNZITSI: Pa mathiraki onsewo, ndi angati amene munadziwa zimene anyamula?

WOULUTSA: Thanki ya mafuta siyisowa. Ya feteleza nayonso, matumba amasuzumira pansi pa tenti. Koma makontena aja ochokera ku Beira, ayi ndithu. Bokosi lachitsulo, chitseko chomata, basi.

MPHUNZITSI: Koma mukanatha kundilozera pamene kontena yofiira yaima?

WOULUTSA: Kulozera kokha sikuvuta. Yachitatu kuchokera pachipata.

MPHUNZITSI: Ndiye mayi, phunziro la lero mwaliphunzitsa ndinu. Mukudziwa pamene chili, simukudziwa kuti n'chiyani. Cholozera cha void ndi chimenecho. Zotsalazi ndi kungofotokoza chifukwa chake anthu anzeru anafuna chinthu chotere, ndi mmene chimalumira ukachigwira molakwika.

Tibwerere pang'ono chifukwa cha amene sanali nafe. Memory ya kompyuta kapena ya foni yanu muyione ngati mzere wautali wa timabokosi. Kabokosi kalikonse ndi bayiti imodzi, ndipo kali ndi nambala yakeyake, keyala yake. Cholozera sichisunga katundu, chimasunga keyala ya pamene katundu wayambira. Tsono m'chiyankhulo cha C, cholozera cha masiku onse chimadziwa zinthu ziwiri. Mukalemba int kenako kanyenyezi, mwauza compiler, pulogalamu ija yomasulira zolemba zathu kuti makina amve, kuti pakeyala iyi pali nambala yathunthu. Pa mafoni ndi makompyuta ambiri a lero nambala yotero imatenga mabayiti 4. Ndiye compiler ikudziwa poyambira, ikudziwa kuti iwerenge timabokosi 4, ikudziwanso mawerengedwe ake. Mukati cholozeracho chisunthe kamodzi, chimalumpha mabayiti 4 n'kufika pa nambala yotsatira. Chikakhala cha double, nambala ya madesimo ija, chimalumpha mabayiti 8. Ili ndi thanki ya mafuta ija, maonekedwe ake akunena okha zimene zili mkati.

WOULUTSA: Nanga void kanyenyezi?

MPHUNZITSI: Keyala yokha. Kukula kwa katundu sichikudziwa, mtundu wake sichikudziwa.

WOULUTSA: Dikirani kaye. Mwezi watha munatiuza kuti void amatanthauza kuti palibe kanthu. Ndiye cholozerachi sichikuloza pachabe?

MPHUNZITSI: Apo mpamene ophunzira anga ambiri amagwera, ndipo sindiwadzudzula, dzinalo linasankhidwa mosokoneza. Cholozera chosaloza paliponse ndi china, timachitcha NULL. Cha void chikuloza pamalo enieni, ndipo katundu alipo. Chimene palibe ndi dzina la katunduyo. Kontena ija si yopanda kanthu ayi, matayala a thiraki apsinjika ndi kulemera. Kungoti pabokosipo sanalembepo.

WOULUTSA: Chabwino. Koma munthu angafune bwanji chinthu chosadziwa zimene chagwira? Kwa ine ndi ngati kutuma mwana wosadziwa chimene wamutuma.

MPHUNZITSI: Pali ntchito zina zimene kudziwako kumangotchinga. Taganizani za mwini shedi yosungiramo katundu. Mlimi wabwera, akuti ndikufuna malo a matumba 40. Mwini shedi akayamba kumanga shedi ya chimanga payokha, ya mtedza payokha, ya thonje payokha, ya fodya payokha, adzamaliza liti? Iye amangoyeza malo n'kunena kuti anu ndi kuyambira apa. Mu C mwini shediyo dzina lake ndi malloc. Mumamuuza chiwerengero cha mabayiti chokha. Mukufuna kusunga manambala athunthu 100, iliyonse mabayiti 4, ndiye mukupempha mabayiti 400. Iye amakubwezerani keyala ya poyambira, ndipo keyalayo imabwera ngati void kanyenyezi, chifukwa malloc sakudziwa, komanso sakufuna kudziwa, kuti muikamo chiyani. Inu mukailandira n'kuiika mu cholozera cha int, kuyambira pamenepo malowo akuonedwa ngati a manambala. Mukamaliza mumabweza malowo kudzera mwa free, amenenso amalandira void kanyenyezi, chifukwa wolandira makiyi safunsa kuti munasungamo chiyani.

Chokoma chake mu C n'chakuti kusinthaku kumachitika kokha. Cholozera cha katundu wamtundu uliwonse chimalowa mu void kanyenyezi popanda mwambo, ndipo mukachibweza ku mtundu wake woyamba chimatuluka chimodzimodzi mmene chinalowera. Limeneli ndi lonjezo lolembedwa m'malamulo a chiyankhulochi. Mu C++, m'bale wake uja amene anayambitsa Bjarne Stroustrup, kulowa kuli chimodzimodzi koma potuluka amakuumirizani kulemba ndi dzanja lanu mtundu umene mukufuna. Ndiye mukaona wina akulemba int kanyenyezi m'mabulaketi patsogolo pa malloc, mwina anazolowera kumeneko. Mu C sizofunika, ndipo ine ndimauza ophunzira anga kuti asamadzitopetse nazo.

WOULUTSA: Zimenezi zinabwera ndi chiyankhulocho kuyambira pachiyambi?

MPHUNZITSI: Ayi. C anaipanga Dennis Ritchie ku Bell Labs, ku New Jersey m'dziko la America, cha mu 1972, ndipo mu 1973 Unix, pulogalamu yoyendetsa makompyuta, inalembedwanso m'chiyankhulochi. Buku lotchuka limene analemba ndi Brian Kernighan litatuluka mu 1978, ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi char kanyenyezi, cholozera cha zilembo. Popeza chilembo ndi bayiti imodzi, anthu ankachibwereka kuti chiloze chilichonse. Vuto lake, wowerenga pulogalamu sankadziwa ngati apa pali mawu enieni kapena ndi katundu wina wovala malaya a mawu. Zili ngati kunyamula simenti m'thumba lolembedwa kuti shuga. Komiti ya ANSI itakhazikitsa malamulo a C mu 1989, amene bungwe la ISO linawalandira mu 1990, void kanyenyezi ndiye anakhala cholozera chovomerezeka cha chilichonse. Thumba lopanda chizindikiro ndi loona mtima kuposa thumba la chizindikiro chabodza.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za cholozera cha void m'chiyankhulo cha C. Aphunzitsi, munati chimaluma. Chimaluma pati?

MPHUNZITSI: Tipite kwa anyamata osintha ndalama pamalirepa. Wina akupatsani kapepala, walembapo 300. Mwasangalala?

WOULUTSA: Ndifunse kaye. 300 ya chiyani? Mametikali kapena makwacha a ku Zambia?

MPHUNZITSI: Eya. Manambala ndi omwewo, koma mtengo wake ukudalira dzina limene silinalembedwe papepalapo. Mu memory ndi chimodzimodzi, mabayiti alibe dzina. Tiyeni tiyese. Ndasunga 300 ngati int. M'mafoni athu ambiriwa makina amayamba kusunga mbali yaing'ono ya nambala, ndiye timabokosi 4 tija tikhala motere: koyamba 44, kachiwiri 1, kachitatu 0, kachinayi 0.

WOULUTSA: 44 wachokera kuti?

MPHUNZITSI: Kabokosi kamodzi kamasunga kuyambira 0 kulekezera 255. Ndiye 300 sangakwanemo. 1 wa m'kabokosi kachiwiri uja akuimira 256, ndipo 256 kuphatikiza 44 ndi 300. Tsopano keyala ya nambalayi ndaiika mu void kanyenyezi n'kupatsa mnzanga. Mnzangayo, osandifunsa, waganiza kuti ndi cholozera cha bayiti imodzi. Awerenga kabokosi koyamba kokha, apeza 44, n'kumapita ali wokhutira. Compiler siyinena kanthu. Inakhulupirira mawu ake.

Chitsanzo china n'choopsa kuposa apa. Nambala 1.0 yosungidwa ngati float, mtundu wina wa nambala ya madesimo, mabayiti ake omwewo mukawawerenga ngati int mupeza 1065353216. Taganizani kuti imeneyo inali kilogalamu imodzi ya thonje pasikelo.

WOULUTSA: Mlimi ameneyo agula thiraki tsiku lomwelo!

MPHUNZITSI: (akuseka) Kapena ngongole yake ndiyo ikhale imeneyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo kupeza nambala yolakwika ndi mwayi. Mukawerenga mabayiti 8 pamene panali 4 okha, mwalowa m'munda wa eni. Pulogalamu ikhoza kufa pomwepo, ikhozanso kuyenda bwinobwino miyezi ingapo n'kudzafa tsiku limene mukuifunitsitsa. Malamulo a C amati zikatero chilichonse chikhoza kuchitika, ndipo salonjeza kanthu.

N'chifukwa chake pali zinthu ziwiri zimene C amakana. Simungatsegule void kanyenyezi kuti muwerenge zamkati musananene mtundu wake. Simungamusunthenso kuti pita patsogolo kamodzi, chifukwa kamodzi ka chiyani? Phazi lake silidziwika kutalika. Compiler ya GCC imalola, imangotenga ngati bayiti imodzi, koma umenewo ndi ufulu wa GCC, si lamulo la C. Mukafuna kuyenda bayiti ndi bayiti, sinthani kaye cholozeracho chikhale cha unsigned char, choloza bayiti imodzi.

WOULUTSA: Pamalire, a kasitomu amadziwa bwanji za m'kontena asanatsegule?

MPHUNZITSI: Chikalata. Dalaivala amayenda ndi mapepala onena kuti muli chiyani, cholemera bwanji, chikupita kuti. Ndipo funso lanu lafika pamtima pa nkhaniyi. Void kanyenyezi sayenda yekha. Nthawi zonse pambali pake pamayenera kukhala chikalata, kaya ndi nambala ya kukula kwake, kaya ndi chizindikiro cha mtundu wake, kaya ndi munthu wodziwa kutsegula.

Taonani memcpy, amene ntchito yake ndi kukopera katundu kuchoka pena kupita pena. Ali ngati anyamata aganyu otsitsa matumba. Amafuna zinthu 3 zokha: tikatule pati, titenge pati, mabayiti angati. Ziwiri zoyambazo ndi void kanyenyezi. Safunsa kuti muli chimanga kapena nyemba, n'chifukwa chake memcpy mmodzi yemweyo amakwanira pa katundu wamtundu uliwonse. Koma chachitatucho amachikhulupirira ndi mtima wonse. Mukati 60 pamene matumba anu ndi 6, atenga anu 6 n'kupitiriza ndi a anzanu amene ali pafupi.

Zimenezi zinachitikadi. Mu April 2014 dziko linadzidzimuka ndi vuto limene analitcha Heartbleed, mu OpenSSL, pulogalamu yolembedwa mu C imene imateteza mauthenga ambiri a pa intaneti. Munthu ankatha kutumiza kauthenga kakafupi n'kunama kuti n'kakatali. Pulogalamuyo inkapereka nambala yabodzayo kwa memcpy osaiyeza, ndipo memcpy ankakopera mpaka pafupifupi makilobayiti 64 a zimene zinali pafupi mu memory n'kubwezera wofunsayo. M'menemo munkapezeka mapasiwedi ndi zinsinsi za anthu ena. Waganyu sanalakwe. Anachita zimene chikalata chinanena.

WOULUTSA: Ndiye bwanji osangochisiya chinthu choopsa chotere?

MPHUNZITSI: Chifukwa cha zimene ndikufuna kukuonetsani tsopano, zimene kwa ine ndi zokongola kwambiri mu C yense. Dzina lake qsort, ntchito yake kuika zinthu mundondomeko.

Tibwerere pamzere wa mathiraki. Pali bambo wina waluso lokonza mizere. Amadziwa njira yachangu yosinthanitsira magalimoto mpaka onse atakhala m'malo mwake. Koma za katundu sadziwa chilichonse. Mukamuitana amafunsa zinthu 4. Mzere wayambira pati? Ameneyo ndi void kanyenyezi. Magalimoto ndi angati? Iliyonse ndi yaitali bwanji, kuti ndidziwe pamene yotsatira yayambira? Ndipo chomaliza, mundipatse munthu wanu woti ndikamulozera magalimoto awiri aziti iyi itsogole, kapena iyo itsogole, kapena n'zofanana.

WOULUTSA: Ndiye woweruzayo ndimabwera naye ndine.

MPHUNZITSI: Ndinu. Mumalemba function yaing'ono yolandira zolozera ziwiri za void. Mkati mwakemo, popeza inu mukudziwa kuti katundu wanu ndi chiyani, mumazisintha kukhala mtundu wake weniweni, n'kufananiza. Choyamba chikayenera kutsogola mumabweza nambala yochepera 0, zikafanana 0, chachiwiri chikayenera kutsogola nambala yoposa 0. Basi. Lero mukufuna mathiraki malinga ndi nthawi imene anafikira, mawa malinga ndi kulemera, mkuja mukufuna mayina a alimi a fodya motsatira alifabeti. Wokonza mzere ndi yemweyo, simumukhudza. Mumangosintha woweruza. Popanda void kanyenyezi, mukanalemba wokonza mzere wa manambala, wina wa mayina, wina wa mathiraki, ndipo cholakwika chimodzi mukanachikonza katatu.

Kachenjezo kamodzi pamenepa, chifukwa ndimakaona chaka ndi chaka m'makope a ophunzira. Pofananiza manambala awiri, ambiri amangochotsa yachiwiri pa yoyamba n'kubweza yankho. Pa manambala ang'onoang'ono zimayenda. Koma imodzi ikakhala yaikulu zedi, inayo ili pansi kwambiri pa 0, yankholo limasefukira mu int ndipo mzere umasokonekera. Fananizani ndi chachikulu ndi chaching'ono, musachotsere.

WOULUTSA: Talandira uthenga pafoni kuchokera kwa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika. Akuti, aphunzitsi, zimenezi zili m'mabuku mokha kapena zilimo m'mafoni amene ndimatsegula tsiku ndi tsiku?

MPHUNZITSI: Achimwene, zili m'manja mwanumo. Foni iliyonse ya Android pansi pake pali Linux, imene Linus Torvalds anayamba ku Helsinki mu 1991, ndipo mbali yake yaikulu kwambiri ndi C. Linux imayenera kugwira ntchito ndi makamera, masikirini ndi mabatire a makampani osawerengeka. Singadziwe zamkati mwa chilichonse. Ndiye pulogalamu yoyendetsa kamera imati kwa Linux, ndisungireni kathumba aka, chikachitika chinthu mudzandibwezere. Linux imakasunga ngati void kanyenyezi, osakatsegula, n'kudzakabweza kwa mwini wake nthawi ikakwana. M'malo ena dzina la kathumbako ndi private_data. N'chimodzimodzi kondakitala amene mwamupatsira kaphukusi ka agogo ku Tete. Iye sakatsegula, wotsegula ndi amene akudziwa zimene munamangamo. SQLite, imene mapulogalamu ambiri a m'foni amasungiramo zinthu zawo, nayonso ndi ya C ndipo imagwiritsa ntchito njira yomweyi. Ndiye pamene mukutumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola ndi foni ya Android, timakontena totere tikudutsana mkatimo inu osadziwa.

WOULUTSA: Ndiye ndi cholozera cha chilichonse, chilichonse ndithu?

MPHUNZITSI: Pali malire awiri, ndiwatchule mwachangu. Lonjezo lija ndi la zolozera za katundu. Keyala ya function, malamulo a C salonjeza kuti ikwana mu void kanyenyezi, ngakhale kuti pa Linux ndi makina ena a mtundu wa Unix zimatheka. Chachiwiri, void wa tinyenyezi tiwiri si wa chilichonse. Iye ndi cholozera choloza void kanyenyezi basi, ndipo simungamupatse int wa tinyenyezi tiwiri ngati kuti n'zofanana. Amene mwangoyamba kumene musavutike nazo lero, mudzakumana nazo.

Koma maganizo anga ndinene, ngakhale ena adzatsutsa. Wophunzira akangodziwa void kanyenyezi amayamba kumuthira paliponse ngati mchere, chifukwa compiler imasiya kudandaula. Kudandaula kwa compiler kuja ndiye mlonda wanu. Ikamakana kuti apa mwaika mawu pamalo pa nambala, ikukupulumutsani usiku wosagona. Void kanyenyezi ndi kuuza mlondayo kuti pita ukagone, ndilondera ndekha. Pamene mukudziwa mtundu wa katundu, lembani mtunduwo. Pamene simungathedi kudziwa, monga mu qsort kapena pa kathumba kaja, mugwiritseni ntchito, koma mangani chikalata ndi kontena pamodzi. Pangani struct imodzi yokhala ndi cholozeracho, kukula kwake, ndi kanambala konena mtundu wake, kuti wolandira ayambe wawerenga asanatsegule.

WOULUTSA: Nthawi yatithera aphunzitsi. Ntchito ya kunyumba ilipo?

MPHUNZITSI: Ilipo, ndipo siyifuna kompyuta. Amene muli ndi foni ya Android, ikanimo Termux, m'menemo muikemo clang, ndiyo compiler yanu. Lembani int, muipatse 1000. Keyala yake muiike mu void kanyenyezi. Kenako muisinthe ikhale cholozera cha unsigned char, musindikize timabokosi tonse 4 kamodzikamodzi. Koma musanayendetse pulogalamuyo, tengani pensulo muwerengere nokha monga tinachitira ndi 300 uja, kuti kabokosi koyamba mukhala chiyani, kachiwiri chiyani. Amene mulibe foni yotero, pensulo yokhayo ikukwanirani. Mutitumizire manambala 4 amenewo.

WOULUTSA: Mwamva omvera, 1000, timabokosi 4. Mayankho anu tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, pamene aphunzitsi adzatiuze zimene zimachitika munthu akabweza makiyi a shedi kwa free koma n'kupitirizabe kulowamo. 

MPHUNZITSI: Ine yankho langa ndalemba kale, lili m'thumba la malaya, ndipo sindikuonetsani.

(Nyimbo yotsekera)